Ndinakana Kuchotsa Mlonda Pachipata

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Muli bwanji m'thupimo? Mwendo uja unkatupa mukakhalitsa pa makina osokera unaphwa? Nanga amayi akudya bwino, kapena akadali pa nkhondo yawo yokana mapiritsi? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo, ndipo chifukwa chake muchimva m'kalata muno.

Musadabwe kuti ndalemba papepala pomwe ntchito yanga ndi ya makompyuta. Foni yanu ndimaidziwa. Ndikaimba amayankha ndi aliyense amene ali pafupi, ndipo ikafika kwa inu mumaikweza mawu n'kuiika patebulo kuti manja apitirize kusoka. Nkhani iyi si ya gulu. Ndapatsira msuweni wathu woyendetsa lole uja, envelopu ndamata kawiri, ndipo ndamuuza kuti akaipereka m'manja mwa munthu wina ndidzawafotokozera akazi ake malo onse amene amaima panjira.

Za kuno ndi zomwezi. Ndinasamuka m'chipinda chapansi chonunkha chinyezi chija, tsopano ndili pamwamba, zenera layang'ana kumsewu wa mabasi. Phokoso ndi losasimbika, koma zovala zikuuma. Mwininyumba walonjezanso kuti akonza mpopi wa kubafa, lonjezo limene tsopano layamba kumera imvi. Siketi yabuluu munandisokera ija ndimavala kuntchito. Anzanga akafunsa kuti ndinaigula kuti, ndimawauza kuti sitoloyo ili kutali ndipo mwini wake ndi wovuta.

Tsopano nayi nkhani imene yandigwiritsa cholembera. Kumapeto kwa mwezi uno ndaitanidwa kukaonekera pamaso pa eni kampani, kuti ndikafotokoze chifukwa chimene ndinakanira lamulo la abwana anga. Akapanda kukhutira, ntchito yatha. Mukudziwanso kuti chilolezo changa chokhalira kuno chinamangiriridwa pa ntchito imeneyi, ndiye ikaduka nanenso ndilongedza. Ndiyamba pachiyambi, ndipo mupirire nane pa za makinazi, ndiyesetsa kuti zisakupweteketseni mutu.

Kampani yathu ili ndi masitolo ogulitsa mankhwala m'madera osiyanasiyana a tauni ino. Munthu akabwera kudzatenga mankhwala, kompyuta ya m'sitolo imafunsa kompyuta yaikulu ya kulikulu, imene timaitcha seva, kuti munthuyu ndani, amamwa chiyani, adokotala anamulembera zotani. Mayina, matenda, manambala a foni, zonse zimadutsa pa intaneti. Ndiye kuti wina asazitole panjira, makina awiriwa amayamba atsimikizirana asanalowe m'nkhani. Yaing'ono imaodira. Seva imayankha n'kuonetsa satifiketi yake, umboni woti ndi iyodi, osati wakuba wobwereka dzina lake. Yaing'ono imayang'ana amene anasaina umboniwo, kenako amene anavomereza wosainayo, mpaka ifike pa dzina limene imalikhulupirira kale. Ikakhutira, ziwirizo zimapangana kiyi wachinsinsi n'kuyamba kulankhulana m'njira yoti womvetsera panjira sangatolepo kanthu. Zonsezi zimatha musanaphethire. Kufufuza kumeneku ine ndimakutcha mlonda wa pachipata.

Mwezi watha eni kampani anaganiza zosintha makompyuta a m'sitolo yathu yaikulu, ya moyang'anizana ndi chipatala. Makina atsopanowa kunja amaoneka ngati akale, koma pulogalamu yaikulu imene imawayendetsa ndi ya mtundu wina, yopangidwa ndi anthu ena, ndipo ili ndi khalidwe lakelake. Amene ndinawaika ndine. Akale aja anawafufuta n'kuwapereka kusukulu ina tsiku lomwelo. Ndinati tidikire kaye tione mmene atsopanowa ayendere, koma galimoto inali itafika kale pakhomo.

M'mawa mwake sitolo itatsegulidwa, makina onse atsopano anaikana seva. Pa sikirini pankangotuluka mawu akuti kulumikizana kwalephera, osanena kuti chalephera n'chiyani. M'masitolo ena onse, a makina akale, ntchito inkayenda ngati palibe chachitika. Ndiye panalibe wovutika kufunafuna wolakwa, maso onse anali pa siketi yabuluu.

Ndinayamba ndi zodziwika. Ndinalondola mawaya, kukwawa pansi pa kauntala mpaka mawondo kuda. Ndinayang'ana wotchi ya makina, chifukwa kompyuta ikasokoneza tsiku imaona satifiketi yabwinobwino ngati yatha ntchito, koma wotchi inali yolondola. Ndinaganiza kuti mwina atsopanowa akufuna kulankhula chinsinsi cha makono chimene seva yathu yokalambayo sichidziwa. Ndinayerekeza mbali zonse ziwiri, n'kupeza kuti pali njira zingapo zimene onse amazidziwa. Chimene chinkandiwawa kwambiri ndi laputopu yanga, imene ndi ya mtundu wakale uja. Ndikailumikiza pa waya womwewo, pa kauntala yomweyo, inkalowa mosavuta. Ndikabwezera wayayo m'makina atsopano, chitseko chinkatsekekanso.

Tili ndi pulogalamu ina yomvetsera zimene makina akuuzana pa waya. Nditaitsegula ndinaona moni ukupita, yankho likubwera, satifiketi ikuperekedwa, kenako makina atsopano akudula nkhani, akuti sakumudziwa amene akuichitira umboni seva. Ndinaganiza kuti ndiye kuti dzina lalikulu lodalirika lija mulibe m'makinamo. Ndinayang'ana, linalimo. Apa ndiye mutu unaima.

Ndinaimbira Ndevu, mnzanga wa kulikulu amene amasamala seva. Dzinali tinam'patsa chifukwa cha nkhalango imene ili kuchibwano kwake. Iye anati satifiketi ndi yabwino, sinathe ntchito, makina ena onse akuilandira, ndiye ndisamunamizire mwana wake. Sananene mwachipongwe, ndi munthu amene anandilandira bwino nditangofika kuno.

Ine ndili pansi pa kauntala, mzere wa anthu kutsogoloku unkakula. Amene anabwera ndi pepala la adokotala m'manja ankathandizidwa. Koma ambiri pa sitolo imeneyi ndi anthu a mankhwala a mwezi ndi mwezi, amene zolembedwa zawo zimakhala mu seva mokha. Mayi wopereka mankhwala ankachita kuimba foni kulikulu pa munthu aliyense, wina kumeneko n'kumuwerengera, ndipo munthu mmodzi ankatenga nthawi ya anthu khumi. Mabenchi anadzaza, ena anakhala pansi, ena ankalozeredwa kumasitolo athu a kutali. Mayiyu sanandinene kanthu koipa. Ankangondiikira kapu ya madzi pambali n'kubwerera pa foni, ndipo kufatsa kwakeko kunkandilasa kuposa kukalipa.

Tsiku lotsatira masana kunafika abwana. Timawatcha a Pompano, chifukwa kwa iwo chilichonse ndi cha pompano, ngakhale kuwira kwa tiyi. Anandiitanira kuchipinda chosungira makatoni, chitseko chosatseka bwino. Anati afunsa kwa odziwa, ndipo amva kuti pali mzere umodzi m'pulogalamu yathu umene ndikausintha makina asiya kufufuza satifiketi, ntchito n'kuyamba kuyenda. Anandifunsa ngati n'zoona. Ndinavomera kuti n'zoona, ndipo ndi ntchito yosafika mphindi. Anafunsa kuti nanga anthu akuvutikiranji pa mabenchi.

Ndinawafotokozera kuti mzere umenewo ndi wochotsa mlonda pachipata. Makina apitiriza kunong'ona, koma azinong'oneza aliyense amene wadzitcha seva. Ndinawakumbutsa kuti intaneti ya sitoloyo imadutsa m'mawaya a mwini nyumbayo, amene amagawiranso maofesi ena onse a pamwamba, ndipo sitidziwa amene amakhala m'menemo. Iwo anati n'zakanthawi chabe. Ndinati pa ntchito yathu zinthu zakanthawi ndi zimene zimakhalitsa, chifukwa makina akangoyamba kuyenda palibe amakumbukanso zobwezera mlonda. Anandifunsa ngati wakuba ameneyo ndinamuonapo ndi maso. Ndinati ayi. Anakankha chitseko n'kuloza mzere wa anthu uja, n'kufunsa ngati anthu awo ndikuwaona.

Achemwali, a Pompano si munthu woipa, ndipo funso lawo silinali lopusa. Koma atanena kuti tsopano sakundipemphanso, akundilamula, ndinakana. Anati ndiye ndiwapatse pasiwedi, mawu achinsinsi otsegulira makinawo, apeze wina wochita. Ndinati ndiwapatsa akalemba lamulolo n'kusaina kuti mayina a odwala akatuluka mlandu ndi wawo. Sanasaine, anangoti zimenezi tikakambirana pamaso pa eni ake. Amayi akanakhalapo akanati anaona kale pamene ankanditcha Nkhutukumve.

Apa ndilemba mosamala, ndipo dzina la chinthucho sindilitchula. M'chipinda cha makatoni muja sindinkaganiza za malamulo a ntchito. Ndinkaona inu. Ndinkakumbuka chaka chija kalaliki wa kuchipatala chaching'ono chija anauza akazi ake zimene anawerenga za inu m'buku la odwala, sabata isanathe msika wonse n'kudziwa. Ndinkaona azimayi akubwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo zosasoka, aliyense ndi chifukwa chake chabodza. Ndinkaona benchi yathu ya kutchalitchi ikukula mbali zonse ziwiri, anthu akutithawa. Inu munasiya kupita kukatenga mankhwala chifukwa cha maso a anthu, osauza aliyense, mpaka tsiku limene ndinakupezani mutagona kuseri kwa makina osokera. Ndinakunyamulani ndekha, ine mng'ono wanu, ndipo simunkalemera. Kalaliki uja anadzapepesa pambuyo pake, koma madzi akatayika saoleka. Pa mabenchi a sitolo yathu pali anthu ambiri amene mayina awo ali ngati lanu, ndipo sakudziwa n'komwe kuti pali mzere wa m'pulogalamu umene ungawavule.

Koma ndisakunamizeni kuti mtima wanga uli mbee. Pa mzere wa anthu uja panali bambo wina wachikulire wovala chipewa, wa mankhwala a mtima. Anadikira nthawi yaitali chipewa chili pabondo. Atauzidwa kuti apite kusitolo yathu ina, anati miyendo siingamufikitse, abweranso mawa. Sanabwere. Tinadzamva kuti anagwa kunyumba n'kugonekedwa m'chipatala. Anatuluka, ali bwino, mwana wake anabwera kudzamutengera mankhwala ndipo sanakalipire munthu. Komabe ndikanasintha mzere wa m'pulogalamu uja, bamboyo akanapita kwawo ndi mapiritsi m'thumba. Zimenezi ndimazidziwa, ndipo ndikakhala pa basi nkhope yake imandibwerera. A Pompano nkhani ya bamboyu aipereka kale kwa eni kampani.

Vuto lenilenilo ndinalipeza m'mawa wa tsiku linalo, ndipo si nzeru zimene zinandifikitsapo. Abwana anandichotsa kusitolo kuja, akuti poti ndalephera ndibwerere kulikulu ndikakonzere wowerengera ndalama laputopu yake yatsopano, iwo afunafune katswiri wakunja. Laputopuyo inali ya mtundu wakale uja, koma yongotuluka m'katoni, yosakumanapo ndi seva yathu. Ndinailumikiza mokwiya, ndipo mwa chizolowezi cha masiku amenewo ndinasiya pulogalamu yomvetsera ija ili yotsegula.

Ndinaona moni ukupita, yankho likubwera, satifiketi ikuperekedwa, monga kale. Kenako laputopuyo inaima pang'ono, n'kuzemba kupita ku adiresi ina yakunja imene ine sindinaitume. Inakatenga kafayilo kakang'ono, n'kubwerera, n'kuivomera seva ngati palibe chachitika. Ndinayang'ana kafayiloko. Kanali satifiketi ya wapakati.

Ndikufotokozereni. Umboni uja uli patatu: satifiketi ya seva yathu, ya amene anaisaina, ndi dzina lalikulu lija limene makina onse amalidziwa. Seva imayenera kupereka yake pamodzi ndi ya wapakatiyo. Yathu inkangopereka yake yokha, kuyambira tsiku limene inakhazikitsidwa. Makina a mtundu wakale akaona kuti pakusowa chinthu amapita okha kukachitenga mwakachetechete, n'kuchisunga, ndipo sapitanso kachiwiri. N'chifukwa chake laputopu yanga inkalowa mosavuta, inatenga kalekale. Atsopanowa alibe ulemu umenewo. Chimene sunabwere nacho sakakufunira. Ndiye makina amene tonse tinkawatukwana ndi okhawo amene ankanena zoona, ndipo bowo limeneli lakhalapo zaka, likubisidwa ndi makina aulemu.

Ndinamuitana Ndevu. Anawerama pa sikirini, anawerenga kawiri, anagwira ndevu zake ndi manja onse awiri, n'kunena mawu amene sindingawalembe m'kalata yopita kwa mkulu wanga. Kenako anakhala pansi, anaphatikiza satifiketi ya wapakatiyo pa ya seva, n'kuzimitsa sevayo n'kuiyatsanso. Tiyi wake asanazizire foni yanga inalira. Anali mayi wopereka mankhwala uja, akuti makina onse alowa, ndipo kumbuyo kwake ndinkamva anthu akudzuka pa mabenchi. Ndinapita kuchimbudzi n'kukalira pang'ono, kenako ndinabwerera kukamaliza laputopu ya wowerengera ndalama.

Ndevu anapita yekha kwa abwana kukanena kuti chosowacho chinali kumbali yake, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezi. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma a Pompano anati funso silinali loti analakwitsa makina ndani. Funso ndi loti wantchito anapatsidwa lamulo pamaso pa anthu ovutika, n'kukana, munthu wina n'kugwa. Akuti kampani siingayende ndi munthu amene amasankha malamulo oti amvere. Ndiye msonkhano uja ulipobe.

Ndakhala ndikuyeseza zokanena. Eni kampani ndi anthu a malonda, si anthu a makina. Ndikayamba za satifiketi ndi wapakati, ndikudziwa kuti wina ayamba kuyang'ana foni. Abwana akalowa ndi bambo wa chipewa, munthu amene ali ndi nkhope, ndi mwana, ndi bedi la kuchipatala. Ine ndikalowa ndi wakuba amene palibe anamuonapo. Munthu yekhayo amene ndili naye wa nkhope, amene angawaonetse chimene chimachitika dzina la wodwala likatuluka, ndinu.

Pempho langa ndi limeneli, ndipo ndi limodzi lokha. Kodi mungandilole kuti ndikanene nkhani yanu pamaso pawo? Sinditchula dzina lanu, kwathu, kapena matendawo. Ndikangoti mkulu wanga, n'kufotokoza za nsalu zija, za benchi ija, ndi za kuseri kwa makina osokera. Koma ndisakupusitseni kuti n'zopanda vuto. Chithunzi chanu chakhala pa desiki yanga chiyambireni ntchito, anzanga amakudziwani nkhope, ena amakutchulani kuti mwini sitolo wovuta uja. Zonenedwa m'chipinda chotseka zimapeza potulukira, inu mukudziwa kuposa ine. Ndaganiza zongonena osakuuzani, poti muli kutali ndipo simukanamva. Koma sindingakane kutsegula zinsinsi za anthu osawadziwa kenako n'kukatsegula chanu popanda kukufunsani, kuti ndipulumutse ntchito.

Mukakana, musapereke chifukwa, ndipo sindidzafunsa. Ndikalowa ndi masatifiketi anga okha, ndikalankhula mmene ndingathere. Zikavuta ndibwera, mundikonzere kampando pafupi ndi zenera, ndizidzakulowetserani ulusi m'singano poti maso anu ayamba kukangana ndi kabowo kaja. Ndipo chonde musavomere chifukwa choganizira thandizo limene ndimatumiza. Mukavomera mtima ukukana, ndidzamva m'mawu anu, ndipo sindidzanena kanthu.

Mundiimbire sabata ya mawa isanathe, muli nokha, foni ili kukhutu osati patebulo. Simufunika kulankhula zambiri, mungoti inde kapena ayi, kenako tikambe za mwendo wanu. Amayi musawauze kaye za msonkhanowu, angasiye kudya.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mapiritsi si adani awo. Moni kwa alamu anga, ndamva kuti denga la khitchini analimaliza, ndidzakhulupirira ndikadzaona. Moni kwa ana onse, makamaka woyankha foni uja, ndi kwa azakhali, ndi amalume ngati akumvabe. Inuyo mankhwala anu musadumphitse ngakhale tsiku limodzi, zivute zitani kuno.

Chithunzi chanu ndachichotsa kaye pa desiki. Chili m'kabati, ndipo chikhala momwemo mpaka nditamva kwa inu.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Nkhutukumve uja